MPHUNZITSI PAKATI PA MACHONA

Kwathu kwa Lukwa nkhani za ulendo zimabuka fodya akatha kugulitsidwa. Mabelo akapita ku Chinkhoma, ngongole ya feteleza ikadulidwa, aganyu akalandira zawo, munthu amawerenga zotsala m'manja naona ngati zingamufikitse kumvula ina. Chaka chino amene adawerenga ndi kupukusa mutu ndi achimwene anga. Iwo adaphunzira ntchito ya uphunzitsi, koma adadikira nthawi yaitali osaitanidwa, ndipo pakali pano amaphunzitsa pa kasukulu kena kolipira kumene malipiro a pamwezi sakwanira kudyetsa banja. Patchuthi chapitachi adasonkhanitsa abale nanena kuti afuna kupita ku Johannesburg, ndiponso kuti sapita okha, atenga alamu ndi ana awo awiri.

Amalume sadakane, koma adafunsa mafunso awiri. Loyamba lidali lakuti, "Kodi kumeneko mukagwira choko, kapena mukasesa pabwalo la eni?" Lachiwiri lidali lakuti, "Nanga adzukulu angawa akalowa sukulu iti?" Padalibe woyankha. Kenaka agogo aakazi, amene tinkayesa kuti akuwodzera, adati, "Mafunso amenewo ine ndidawamva ndili mtsikana, tsiku limene agogo anu ankanyamuka kupita ku Halale."

Mawu a agogowa ndiwo adandichititsa kuti nditabwerera kuno kukoleji ndifufuze mbiri ya aphunzitsi a dziko lino amene adasamukira kumaiko a eni. Chimene ndapeza ndi ichi: satifiketi ya uphunzitsi sidawolokepo malire payokha. Imawoloka ngati tsidya linalo kuli wina woivomereza, ndipo malo a mwana m'kalasi amatsata njira yomweyo. Kale wovomerezayo udali mpingo. Lero ndi maofesi a boma ndi zikalata zawo.

Sukulu zambiri, ntchito zochepa

Tiyambire pa Kasungu pomwe. Asilikali a Angerezi adagonjetsa Mwase Kasungu m'chaka cha 1895, ndipo msonkho wa nyumba udatsatira. M'chaka cha 1900 mishoni ya Livingstonia idatsegula malo ake ku Kasungu motsogozedwa ndi Dr. George Prentice, ndipo kuchokera pa Chilanga sukulu zidafalikira m'midzi. Mwana ankayamba kulemba pamchenga pansi pa mtengo, akakhoza ankakhala monitala wothandiza mphunzitsi, ndipo anzeru kwambiri ankatumizidwa ku Khondowe, kusukulu yaikulu ya Overtoun imene Dr. Robert Laws adayambitsa m'chaka cha 1894. Cha m'ma 1923 ndi 1924 Kasungu adaperekedwa m'manja mwa mishoni ya Dutch Reformed ya ku Nkhoma, imene nayo idali ndi sukulu yake yophunzitsira aphunzitsi.

Vuto lidali lakuti Nyasaland ankatulutsa anthu odziwa kulemba ambiri kuposa ntchito zimene zidalipo. Kuno kudalibe migodi, mizinda idali yaing'ono, ndipo boma la atsamunda lidalibe nkomwe nthambi yoona za maphunziro kufikira m'chaka cha 1926. Mphunzitsi wa kumudzi ankalandira masheleni ochepa kuchokera kumishoni, pamene mnzake amene adalekera sukulu panjira ankabwera kuchokera kumigodi ndi njinga, jekete ndi bokosi la nsalu. Komiti imene boma lidakhazikitsa m'chaka cha 1935 kuti ifufuze za anthu opita kunja idayerekeza kuti anthu a ku Nyasaland okwana 120,000 adali kunja kwa dziko lino, ndipo ambiri mwa iwo adali atasanduka machona, osalembanso kalata kwawo.

Njira zopitira zidali zitatu. Wenela ankalemba amuna okha okagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa, kumene ankagona m'makomponi osaloledwa kukhala ndi akazi kapena ana. Mthandizi, amene adayamba m'chaka cha 1946, ankatengera anthu makamaka kumafamu a ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Njira yachitatu inkatchedwa selefu, kutanthauza kupita pawekha popanda wokulemba. Anthu a ku Kasungu ankayenda wapansi kudzera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, nakawoloka Zambezi. Munthu wofuna kukhala ndi banja lake kunjako ankadalira njira ya selefuyi. Aphunzitsi adayenda nawo m'njira zimenezi, koma mathero awo ankasiyana malinga ndi chinthu chimodzi: kodi atumidwa, kapena adzituma okha?

Mphunzitsi wotumidwa

Chitsanzo chodziwika cha mphunzitsi wotumidwa ndi David Kaunda, amene adaphunzira ku Livingstonia. Cha m'ma 1904 ndi 1905 mishoni idawatuma kukaphunzitsa ndi kulalikira pakati pa Abemba ku Chinsali, m'dziko limene lidadzatchedwa Northern Rhodesia, lero Zambia. Ntchito yawo ndiyo idabala mishoni ya Lubwa. Akazi awo, mai Helen, nawonso adali ochokera ku Nyasaland ndipo nawonso adaphunzitsa. A Kaunda sadavutike kufunafuna ntchito, pakuti amene adawapatsa satifiketi ndi omwenso adawatuma. Sadavutikenso kufunira ana malo kusukulu, pakuti sukuluyo adaiyambitsa ndi iwo omwe. Mwana wawo Kenneth, wobadwira pa Lubwa m'chaka cha 1924, adaphunzira pomwepo, napita ku Munali ku Lusaka m'chaka cha 1941, nakhala mphunzitsi ngati bambo wake, mpaka adadzakhala Pulezidenti woyamba wa Zambia m'chaka cha 1964.

Apa tikuona kuti malire amene adali ndi mphamvu kwa mphunzitsi sadali a maboma ayi, koma a mamishoni. Livingstonia adali ndi Mwenzo, Lubwa, Chitambo ndi Chasefu tsidya la Northern Rhodesia. A Dutch adali ndi Magwero kuyambira m'chaka cha 1899, kenaka Madzimoyo ndi Nyanje, kumene ana ankaphunzira m'Chinyanja monga anzawo a ku Nkhoma. Mphunzitsi wochoka ku Kasungu kupita kumalo ngati amenewa ankapeza katekisima yemweyo ndi nyimbo zomwezo, ndipo kuyambira m'chaka cha 1922 ankapezanso Buku Lopatulika lomwelo.

Mpingo udatsatiranso anthu ake kumwera. M'chaka cha 1912 mbusa T.C.B. Vlok, mmodzi wa awiri amene adayambitsa mishoni ya Mvera m'chaka cha 1889, adasamukira ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, kukasamalira Akhristu a ku Nyasaland okhala m'migodi, m'mafamu ndi m'malokeshoni. Alaliki ndi aphunzitsi ochokera kuno adathandiza ntchitoyo, ndipo mpingowo udakula mpaka kukhala sinodi ya CCAP payokha m'chaka cha 1965. Kwa munthu wapaulendo kalata ya mpingo idali chuma. Akaionetsa kwa akulu a mpingo kumene wafikako ankapeza pogona, womuuza kumene kuli ntchito, ndi womulankhulira mwana wake kusukulu.

Mphunzitsi wodzituma

Mbiri ya wodzituma tiitenge pakhomo pomwe pano. Hanock Msokera Phiri adabadwira ku Kasungu m'chaka cha 1884, adaphunzira ku Overtoun, nakhala mphunzitsi wa mishoni kwa zaka zingapo. M'chaka cha 1916 adanyamuka kupita ku Southern Rhodesia. Ku Hartley, kumene lero ndi ku Chegutu, adakapeza mphwawo Hastings Kamuzu Banda, amene adachoka ku Kasungu cha m'ma 1915 ndi cholinga chokaphunzira ku Lovedale ku South Africa. Mnyamata wofuna sukuluyo adali akugwira ntchito wamba pachipatala. M'chaka cha 1917 awiriwa adalowa m'dziko la South Africa nakayamba ntchito pamgodi wa malasha pafupi ndi Dundee ku Natal. Taonani zimenezo: mphunzitsi wa satifiketi ya ku Khondowe ali pamgodi wa malasha, ndipo mwana wa sukulu wa ku Chilanga sadalione nkomwe khomo la Lovedale. Pambuyo pake a Banda adakakhala kalaliki pamgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg.

Sadali okha. Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay naye adamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Livingstonia, adaphunzitsa kanthawi kochepa, nachoka m'chaka cha 1915. Ku Southern Rhodesia adakhala kalaliki pamgodi wa Shamva, ndipo atafika ku Cape Town adayambitsa bungwe la antchito la ICU m'chaka cha 1919. Umu ndi mmene zinkakhalira ndi aphunzitsi ambiri odzituma. Eni migodi ndi mafamu ankawakonda chifukwa cha Chingerezi chawo ndi zolemba zawo zooneka bwino, nawapatsa ukalaliki, ukapitawo, kumasulira mawu kapena kuthandiza m'chipatala. Koma kalasi sankapatsidwa msanga. Sukulu za kumeneko zidali za mamishoni ena, amene adali ndi aphunzitsi awoawo, ndipo makalasi oyamba ankaphunzitsidwa m'Chishona, m'Chindebele, m'Chizulu kapena m'Chisutu. Maphunziro a munthu ankagwira ntchito, koma satifiketi yake inkagona m'bokosi.

A Phiri adadzagwiranso ntchito yawo pokhapokha atapeza mpingo wina wowavomereza. Ku South Africa adalowa mpingo wa African Methodist Episcopal, wotchedwa AME, umene udayambitsidwa ndi anthu akuda a ku America. Adadzozedwa ubusa, ndipo m'chaka cha 1924 adabwerera ku Kasungu nakhazikitsa mishoni ndi sukulu pa Mdabwi. Mpingo womwewo ndiwo udatsegulira mphwawo khomo la sukulu. M'chaka cha 1925, patatha zaka khumi chichokere kwawo, a Banda adapita kukaphunzira ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio ku America. Ngakhale apo nkhani ya zikalata sidathe. Atalandira digiri ya udokotala ku Meharry m'chaka cha 1937, adayenera kukaphunziranso ku Edinburgh mpaka 1941, chifukwa maiko olamulidwa ndi Angerezi ankafuna chikalata cha ku Britain. Pamenepa mphunzitsi wa lero aone kuti vuto lake lidayamba kale.

Nanga ana?

Za aphunzitsi zidalembedwa m'mabuku chifukwa ena mwa iwo adatchuka. Za ana awo timazimva kwa agogo. Agogo aamuna, bambo a mai anga, adali mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi. Adapita pa selefu kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 nakapeza ntchito pafamu ya fodya kufupi ndi Salisbury. Ntchito yake idali yolemba matikiti a antchito, ndipo masana ankasonkhanitsa ana a pakomponi pambali pa shedi nawaphunzitsa kuwerenga. Atakhazikika adaitanitsa agogo aakazi, ndipo amalume adabadwira komweko. Sukulu ya pafamupo inkalekezera makalasi oyamba okha, ndipo nyengo yothyola fodya ikafika inkatsekedwa kuti ana akathandize kumunda. Amalume atakwana zaka khumi adakwezedwa lole pamodzi ndi munthu wina wobwerera kumudzi, kuti adzapitirize sukulu kuno m'manja mwa atsibweni awo. Adadzaonananso ndi makolo awo atakula kale. Mlongo wawo wamng'ono adatsala komweko, nakwatiwa komweko.

Nkhaniyi si ya banja lathu lokha. Sukulu ya pafamu idali m'manja mwa mwini famu, ndipo iye ankafuna antchito, osati ophunzira. Mlendo adalibe munda m'madera amene boma la kumeneko lidasiyira anthu akuda, kumene kudali sukulu zambiri za mishoni. M'tauni malo m'kalasi adali ochepa ngakhale kwa eni dziko. Tsono banja la mlendo linkasankha pakati pa zowawa ziwiri: kukhala pamodzi mwana osaphunzira, kapena kupatukana kuti mwana aphunzire. Kwa ife Achewa mwambo udathandiza, pakuti mwana ali ndi malo ake kuchikazi ndipo malume ndiye nkhoswe yake. Ana ambiri obadwira kunja adakulira kwa atsibweni awo chifukwa cha sukulu, bambo akungotumiza fizi ndi yunifolomu.

Ena adayenda njira yosiyana, kuchoka kuno kukafuna sukulu kunja, pakuti sekondale kuno idachedwa. Blantyre Secondary School idatsegulidwa m'chaka cha 1940, Zomba Catholic m'chaka cha 1942, ndipo ya boma ya ku Dedza m'chaka cha 1951. Masauko Chipembere atachoka ku Blantyre adakamaliza sekondale ku Goromonzi ku Southern Rhodesia asadapite ku Fort Hare. Kanyama Chiume adatengedwa ali mwana ndi mbale wake kupita ku Tanganyika, adaphunzira ku Tabora ndi ku Makerere, adaphunzitsa ku Dodoma, ndipo m'chaka cha 1961 adakhala nduna ya zamaphunziro kuno kwawo. Amenewa adali ochepa amene adapeza wowagwira dzanja.

Wina angaganize kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha m'zaka za 1953 mpaka 1963, chidapeputsa zinthu. Ayi ndithu. Boma la chitaganya lidatenga sukulu za Azungu, Amwenye ndi makaladi pamodzi ndi maphunziro apamwamba, koma sukulu za pulayimale ndi sekondale za anthu akuda zidatsala m'manja mwa dziko lililonse palokha. Mwana wa Mzungu ankatha kuchoka ku Blantyre kupita ku Bulawayo napeza maphunziro amodzimodzi. Mwana wa mphunzitsi wa ku Kasungu ankapeza chilankhulo china, mabuku ena ndi malamulo ena.

Ufulu utabwera

Maiko athu atalandira ufulu malire adalimba. Munthu amene dzulo adali wa ku Nyasaland wokhala ku Kitwe kapena ku Lusaka, tsopano adali mlendo wofunika pasipoti ndi chilolezo chogwirira ntchito, ndipo boma lililonse lidayamba kusungira nzika zake ntchito. Padabukanso mtundu wina wa aphunzitsi opita kunja, othawa ndale. Nduna zitasemphana ndi Dr. Banda m'chaka cha 1964, a Chipembere adakaphunzitsa ku Kivukoni College ku Dar es Salaam, kenaka ku Los Angeles, kumene adamwalirira m'chaka cha 1975. David Rubadiri adaphunzitsa ku Makerere, ku Nairobi ndi ku Botswana, nadzabwerera kudzatsogolera Yunivesite ya Malawi m'chaka cha 2000. Jack Mapanje, mmodzi wa oyambitsa gulu la alembi la ku Chancellor College, atatuluka m'ndende ya Mikuyu m'chaka cha 1991 adasamukira ku England ndi banja lake. Kwa amenewa wowavomereza tsidya linalo sudalinso mpingo, koma mayunivesite ndi anzawo owadziwa. Komabe lamulo lidali lomwe lija: popanda wokulandira, digiri ndi pepala chabe.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ku Botswana nipha Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi. Dr. Banda adaletsa Wenela kulemba anthu, ndipo amuna zikwizikwi adabwerera. Ulendo wa kumigodi udayambiranso pang'ono m'chaka cha 1977 nuthera m'chaka cha 1988. Zaka zomwezo ndi zimene maesiteti a fodya adafalikira m'chigwa cha Kasungu, ndipo boma lathu, limene kale linkatumiza anthu, lidayamba kulandira mabanja a matenanti ochokera kumaboma ena. Aliyense wokulira kwa Lukwa adakhalapo m'kalasi ndi mwana wa tenanti amene adafika pakati pa chaka nasowa fodya atagulitsidwa. Zimene ana athu adaziona m'mafamu a ku Rhodesia, ana a anzathu adaziona m'maesiteti athu.

Zinthu ziwiri za m'zaka za m'ma 1980 zikuonetsa kuti mwini mphamvu ndiye amanena kumene mphunzitsi ali woyenera. M'chaka cha 1981 Dr. Banda adatsegula Kamuzu Academy pa Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kachere umene iwo adayambira sukulu. Aphunzitsi ake adali Azungu oitanidwa kuchokera kunja, ndipo ankafikira m'nyumba zomangidwa kale. Mmalawi sankaloledwa kuphunzitsa pamenepo nthawi imeneyo. Kenaka m'chaka cha 1989 kudalamulidwa kuti mphunzitsi aliyense akaphunzitse kuchigawo cha kwawo. Mabanja ambiri a aphunzitsi a kumpoto adapakira katundu kuchoka pakati ndi kumwera, ana nachotsedwa m'makalasi amene adazolowera. Mphunzitsi adasanduka mlendo m'dziko lake lomwe.

Ngongole ya adzukulu

Mtengo weniweni wa ulendo wa mphunzitsi umadzaoneka pa ana ndi adzukulu, nthawi zina patapita zaka makumi ambiri. Kenneth Kaunda adalamulira Zambia kwa zaka 27. M'chaka cha 1996 malamulo a dzikolo adasinthidwa kuti wopikisana pa upulezidenti akhale woti makolo ake onse awiri ndi a ku Zambia, ndipo izi zidawatsekera kunja. M'chaka cha 1999 khoti la ku Ndola lidagamula kuti iwo si nzika ya Zambia. Chigamulochi chidafafanizidwa m'chaka cha 2000, komabe phunziro lake ndi loopsa. Ngati mwana wa mphunzitsi wotumidwa, amene adamenyera dziko ufulu, adatha kutchedwa mlendo, nanga mwana wa kalaliki wa pafamu?

Ku Zimbabwe yankho lidaoneka. Kulanda mafamu kutayamba m'chaka cha 2000, antchito ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique adataya ntchito ndi pokhala nthawi imodzi. M'chaka cha 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa kuti aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina ayambe wakana unzika umenewo, ndipo anthu obadwira komweko, osadziwa nkomwe njira ya ku Malawi, adapezeka ndi zitupa zowatchula kuti alendo. Kholo lopanda chitupa choyenera limavutika kutengera mwana chikalata cha kubadwa, ndipo ana opanda chikalatachi akhala akubwezedwa pofuna kulembetsa mayeso a Giredi 7. Adzukulu a mai athu aang'ono aja adatsala kumeneko ali m'gulu limeneli. Malamulo aakulu a dzikolo a m'chaka cha 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidali la dziko la m'chigawo chino cha SADC, ndiponso adaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma zaka za sukulu zimene mwana wataya palibe lamulo lingazibweze.

Lero lino

Tibwerere kwa achimwene. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30 ngati mlendo wodzacheza, koma kulowa si kuloledwa kugwira ntchito. Kuti mphunzitsi wochokera kunja aime m'kalasi movomerezeka, zikalata zake za maphunziro ziyenera kuyesedwa ndi bungwe la SAQA kuti aone ngati zikufanana ndi za kumeneko, iye ayenera kulembetsa ku bungwe la aphunzitsi la SACE, ndiponso ayenera kukhala ndi chilolezo chogwirira ntchito. Ntchito imene kalata ya mpingo inkagwira kale, lero ikugwiridwa ndi maofesi atatu. Amene amapita pa selefu osadzera m'makomo amenewa amathera kumene adathera a Hanock Phiri mu 1917, kungoti m'malo mwa mgodi wa malasha ndi dimba la maluwa, sitolo kapena ulonda.

Kumbali ya ana zinthu zasinthako. M'mwezi wa Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda lidagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu ya boma chifukwa chosowa zikalata, kaya ndi nzika kaya ndi mlendo. Chimenechi agogo athu sadachione m'masiku awo. Komabe lamulo silichulukitsa madesiki, siliphunzitsa mwana Chizulu, ndiponso silithetsa udani umene udabuka m'chaka cha 2008 ndi cha 2015, pamene Amalawi ambiri adabwerera kwawo pamabasi atataya katundu wawo. Kuno kwathu nako kwasintha. Kulembetsa kubadwa kwa mwana tsopano ndi lamulo, zitupa za unzika zidaperekedwa m'dziko lonse m'chaka cha 2017, ndipo kumapeto kwa 2018 nyumba ya malamulo idavomereza kuti Mmalawi akhoza kukhala nzika ya maiko awiri. Mwana wa lero akhoza kunyamuka ndi umboni wa kwawo umene adzukulu a machona adausowa.

Sindidalembe izi kuti ndiletse munthu ulendo. Dziko lino lidamangidwa mbali ina ndi ndalama ndi nzeru za anthu amene adapita kunja, ndipo sukulu ya pa Mdabwi idabwera ndi munthu amene adayamba wachoka. Ndiponso si chilungamo kuti dziko liphunzitse munthu uphunzitsi, limusiye pakhonde, kenaka limudzudzule kuti wathawa, chonsecho m'makalasi athu mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi khwimbi la ana chiyambire sukulu yaulere m'chaka cha 1994. Koma mbiri ikutiuza mwachimvekere kuti amene adapita ataitanidwa adakaphunzitsa ana awo naphunzira, pamene amene adapita kukayesa mwayi adasiya choko, ndipo ana awo ndiwo adalipira. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Ndidalembera achimwene kalata yofotokoza zonsezi. Ndidawapempha kuti ayambe atumiza zikalata zawo kukayesedwa iwo ali konkuno, kuti ana atengeredwe zikalata za kubadwa ndi makalata a kusukulu kwawo, ndi kuti ngati afulumira apite okha, banja lidzatsatire akapeza wowavomereza. Yankho lawo lidali lalifupi. Adati amva, koma adafunsa kuti ndani adzagula feteleza chaka chino pamene mapepalawo akuyesedwa. Funso limenelo mabuku a mbiri sadandiyankhe. Amalume, amene adakwera lole ali ndi zaka khumi kusiya mai awo pafamu ya eni, angonena kuti anawo akhoza kutsala kwa iwo, ndipo ayamba kale kufolera kanyumba ka kuseri.